Dzina lakuti Royal Burgh pa chikwangwani cha ku Lanark: mfumu inkapereka chiyani, nanga chatsala n'chiyani?

Funso la lero lachokera kwa mayi wina amene akukhala ku Lanark, m'dziko la Scotland. Alemba motere: "Pa chikwangwani cholowera m'tauni yathu analemba kuti Royal Burgh of Lanark, chonsecho Paisley, yomwe ndi yaikulu kutalitali, ilibe dzina limeneli. Posachedwa ndinalowa m'komiti ya m'dera lathu, ndipo anzanga akukangana za malo ena amene akuti ndi a common good, oti khonsolo singagulitse chifukwa anapereka ndi mfumu kalekale. Ine pa msonkhano ndimangoti kukamwa yasa. Kodi mfumu inkapereka chiyani kwenikweni? Zimenezi zikugwirabe ntchito masiku ano?"

Mayi, musadzione ngati mbuli. Ngakhale eni nthaka ambiri amasakaniza zinthu zitatu zimene zili m'funso lanuli: dzina la pa chikwangwani, ufulu wa malonda umene unkabwera ndi dzinalo, ndi katundu amene tauni inatsala naye. Dzinalo lero lilibe mphamvu ya lamulo. Ufulu wa malonda unathetsedwa mu 1846. Koma katundu uja ali ndi malamulo ake amene akugwirabe ntchito mpaka lero, ndipo apa m'pamene anzanu ali ndi mfundo, ngakhale chifukwa chimene akupereka sichikukwanira. Kuti muone pamene chikuperewera, tiyenera kubwerera kumene zinayambira.

Mawu akuti royal amanyenga. Munthu akawamva amaganiza za ulemu, ngati mendulo imene mfumu imaveka tauni yoikonda. Zoona zake n'zakuti unali mgwirizano wa ndalama. Mfumu David I, amene analamulira kuyambira 1124 mpaka 1153, anapeza dziko limene chuma cha mfumu chinkabwera ngati ng'ombe, tchizi ndi mbewu. Ndalama zachitsulo za dziko la Scotland zinayamba kusulidwa m'nthawi yake yomweyo. Iye ankafuna siliva, ndipo njira yopezera siliva inali kusonkhanitsa malonda onse pa malo ochepa oti awerengeke ndi kudulidwa msonkho. Asanakhale mfumu n'komwe, akulamulira chigawo cha kummwera, anali atakhazikitsa kale Berwick ndi Roxburgh. Kenaka panabwera Edinburgh, Stirling, Perth, Dunfermline, Aberdeen ndi ena. Lanark mwambo umati inalandira ufulu wake kwa David yemweyo cha m'ma 1140. Dzina lenileni lakuti royal burgh linabwera mochedwa. Poyamba ankangoti tauni ya mfumu, ndipo chikalata cha Rothesay cha 1401 ndicho chimatchulidwa kuti chinayamba kuligwiritsa ntchito.

Tauni yotere inkachita kuyezedwa ndi chingwe. Ankalambula msewu umodzi wotambalala pakati, womwe unalinso msika, ndipo mbali zonse ziwiri ankadula maploti opapatiza kumaso koma aatali kumbuyo, ngati minga za nsomba. Kumapeto kwa maploti kunali mpanda, ndipo polowera m'tauni panali zipata zotsekedwa usiku. Zipatazo ntchito yake yaikulu sinali nkhondo koma kutolera msonkho wa katundu wolowa. Mukamayenda m'tauni yanuyo muone maina: Castlegate, Wellgate ndi Bloomgate si zipata ayi, chifukwa gate m'chinenero cha kumeneko ndi msewu. Chipata ndi port, monga West Port.

Munthu wolandira ploti ankatchedwa burgess, ndipo ankayenera kumangapo nyumba ndi kukhalamo. Ankamupatsa nthawi yomangira osalipira lendi, nthawi zambiri chaka chimodzi. Kumene anthu ankachita mphwayi kupitako nthawiyo inkatalikitsidwa: ku Dumbarton mu 1222 inali zaka zisanu, ku Dingwall kumpoto zaka khumi. Ikatha, ankalipira mfumu makobiri asanu pachaka pa gawo lililonse la malo lotchedwa rood. Analinso ndi ntchito ya ulonda. Madzulo munthu ankayenda ndi ndodo kugogoda makomo, ndipo nyumba imene yafikiridwa inkatulutsa mwamuna mmodzi wokhala ndi zida ziwiri kuti alondere mpaka mbandakucha. Akazi amasiye ankakhululukidwa. Nyambo ina yokopera anthu inali iyi: munthu womangika kwa mwini munda akathawira m'tauni, n'kukhala pa ploti yake chaka chimodzi ndi tsiku limodzi popanda womulondola, ankasanduka mfulu. Oyamba kukhala m'matauniwa ambiri anali obwera, ochokera ku England, Flanders ndi France. Bishopu wa St Andrews atafuna kuyambitsa tauni yake, mfumu inamupatsa Mainard wa ku Flanders, yemwe anali burgess wake ku Berwick, kuti akayale tauniyo. Malamulo enieniwo ambiri anatengedwa ku miyambo ya Newcastle upon Tyne.

Tsono mtima wa nkhani ndi ufulu wa malonda, ndipo unali wa mitundu iwiri. Woyamba unali wa m'dera. Tauni iliyonse ya mfumu inkapatsidwa dera lalikulu lozungulira, nthawi zina chigawo chonse cha sheriff, woweruza wa mfumu m'dera, ndipo m'dera limenelo malonda a ubweya wa nkhosa, zikopa ndi nsalu ankayenera kudutsa pa msika wa tauniyo. Mlimi sakanagulitsa ubweya wake pakhomo kwa aliyense wodutsa. Ankausenza mpaka pa mtanda wa pamsika, mercat cross, n'kulipira msonkho wa pachipata, katundu n'kuyezedwa pa sikelo ya tauni yotchedwa tron. Kuchingamira alimi panjira n'kupikula katundu asanafike pamsika unali mlandu, chimodzimodzinso kugula pamsika kuti ukagulitse mokwera pamsika womwewo. Panali olawa mowa oika mtengo, ndipo mayi wofulula ankayenera kuika chizindikiro panja pa nyumba kuti olawawo adziwe kuti wapsa. Wolakwa ankakaonekera ku tolbooth, nyumba imodzi yomwe inali ofesi ya msonkho, bwalo la milandu, chipinda cha khonsolo ndi ndende pamodzi.

Wachiwiri unali wa malonda a kunja kwa dziko, ndipo uwu ndi umene unali ndi mafuta. Chikalata cha David II cha 1364 chinatsimikiza kuti amalonda achilendo azigula ndi kugulitsa kwa amalonda a m'matauni okha basi. Katundu wotuluka ankalipira msonkho waukulu wa mfumu, ndipo chombo sichikananyamuka popanda chiphaso chodindidwa ndi chidindo chotchedwa cocket. Msonkho wa thumba la ubweya poyamba unali masheleni 6 ndi makobiri 8. David II atagwidwa ndi Angerezi n'kumasulidwa mu 1357 pa dipo la ma merk 100,000, msonkhowo unakwezedwa mpaka kufika kanayi pofika 1368. Merk imodzi inali masheleni 13 ndi makobiri 4. Apa mukuona chifukwa chake amalonda anapeza mipando yokhazikika ku Nyumba ya Malamulo pambali pa mabishopu ndi eni malo: amene akulipira dipo sungamusiye panja pa zokambirana. Kutsidya la nyanja katundu wamkulu ankatsikira pa doko limodzi logwirizana, poyamba Bruges, kenaka Middelburg, ndipo kuyambira 1541 Veere, kumene amalonda a ku Scotland anali ndi woyang'anira ufulu wawo mpaka 1799.

Kwa tauni ya kumtunda ngati Lanark, yopanda doko, ufulu wa kunjawu unali wochepa phindu poyerekeza ndi Aberdeen kapena Dundee. Mphamvu yake inali msika wa m'dera ndi udindo pakati pa matauni anzake. Kunali bwalo la matauni anayi, Berwick, Roxburgh, Edinburgh ndi Stirling, lomwe linkagamula nkhani zovuta za malamulo a m'matauni. Berwick ndi Roxburgh zitagwa m'manja mwa Angerezi, mu 1369 Lanark ndi Linlithgow zinalowa m'malo mwake. Lanark inapatsidwanso kusunga mwala woyezera kulemera wa dziko lonse, monga Stirling inkasungira jagi yoyezera zamadzi, Linlithgow muyeso wa mbewu, ndi Edinburgh ndodo yoyezera nsalu.

Pa katundu wa tauni, chaka chofunika kuchigwira ndi 1319. Poyamba akapitawo a mfumu ankatolera lendi, misonkho ya pamsika ndi zindapusa chimodzichimodzi. Chaka chimenecho Robert the Bruce anapereka tauni ya Aberdeen kwa anthu ake omwe kwamuyaya, pamodzi ndi nkhalango ya Stocket, mphero ndi malo osodza, kuti azingolipira mapaundi 213, masheleni 6 ndi makobiri 8 pachaka. Edinburgh inalandira zofanana mu 1329 pa ma merk 52 pachaka, doko la Leith lili momwemo. Matauni ena anatsatira. Ubwino wake unali wakuti ndalama ya mfumu inali yosasintha, ndiye zonse zotsala pamwamba zinkakhala za tauni. Zotsalazo, pamodzi ndi madambo odyetsera ziweto, mphero ndi nyumba za tauni, ndizo zinadzatchedwa common good. Lamulo la 1491 linati chuma chimenechi chizisungidwira ubwino wa tauni yonse ndi kugwiritsidwa ntchito pa zosowa za onse, ndipo lamulo limeneli silinafafanizidwe mpaka lero. Mwambo wa Lanimer umene mumauona mu June uliwonse, anthu akuyendera miyala ya m'malire, unayamba ngati ntchito yeniyeni yoona kuti eni minda oyandikana sanasunthe malire a malo amenewa.

Mwafunsa za Paisley. Si tauni iliyonse inali ya mfumu. Mabishopu, nyumba za amonke ndi eni malo akuluakulu ankatha kupempha chilolezo choyambitsa tauni pa malo awo, ndipo zotere zinkatchedwa burgh of barony kapena burgh of regality. Zinali ndi msika ndi amisiri, koma zambiri zinalibe ufulu wa malonda a kunja kapena mpando ku Nyumba ya Malamulo. Paisley inakhala tauni yotere mu 1488 pansi pa mkulu wa amonke a kumeneko, ndipo Renfrew, tauni ya mfumu yoyandikana nayo, sinakondwe nazo. Kukula kwa Paisley kunabwera pambuyo pake ndi mafakitale a nsalu ndi ulusi, nthawi imene dzina la royal linali litasiya kugawidwa. Glasgow yeniyeniyo inayamba ngati tauni ya bishopu cha m'ma 1175, ndipo mu 1226 Alexander II anachita kuletsa Rutherglen kutolera msonkho mkati mwa Glasgow, n'kuiikira malire pa mtanda wa Shettleston. Glasgow inakhala royal burgh mu 1611. Blantyre ya ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone kumene mzinda wa ku Malawi unatengera dzina, sinalowepo pa mndandanda wa matauni a mfumu.

Pofika zaka za m'ma 1500 ndi 1600, kupeza ufuluwu kunali ndi njira yake. Wopempha, kawirikawiri mwini malo wamphamvu kapena akuluakulu a tauni, ankapeza chilolezo cha mfumu, chikalata n'kudutsa m'maofesi a zidindo mpaka kudindidwa ndi chidindo chachikulu cha ufumu ndi kulembedwa m'kaundula wake. Ambiri ankapemphanso Nyumba ya Malamulo kuti ichitsimikize. Koma chikalata pachokha sichinkakwanira. Tauni inkayenera kulandiridwa ndi msonkhano wa matauni a mfumu, Convention of Royal Burghs, ndi kulembedwa pa mndandanda wa msonkho, ndipo apa m'pamene zinthu zinkakakamira, chifukwa tauni yatsopano iliyonse inkadula dera la yakale. Stranraer inalandira chikalata mu 1617 koma Wigtown inakaniza, mpaka inadzalandiridwa mu 1683. Stornoway inayesa m'zaka za m'ma 1620, matauni anzake n'kutsekereza poopa kuti nsomba za kumeneko zigwera m'manja mwa Adatchi. Matauni anayi a ku Fife, Auchtermuchty, Earlsferry, Falkland ndi Newburgh, anali ndi zikalata koma sanakhalepo m'msonkhanowo kapena ku Nyumba ya Malamulo.

Ndipo ufuluwu unali ndi goli lake. M'zaka za m'ma 1600 matauni a mfumu ankasenza gawo limodzi mwa magawo asanu ndi limodzi a msonkho wa dziko, n'kugawana okhaokha malinga ndi mphamvu za tauni iliyonse. Tauni imene malonda ake afota inkalira nawo mtolo umenewu. Cromarty inachita kupempha yokha mu 1672 kuti ichotsedwe pa mndandanda chifukwa cha umphawi. Ena anafa imfa ina: Roxburgh, imodzi mwa zoyambirira, inapasuka ndi nkhondo za m'malire, linga lake linagwetsedwa mu 1460, ndipo lero pamene panali misewu yake pali msipu.

Ine ndimaona kuti chilema chachikulu cha dongosololi chinali mkati mwa tauni momwe. Si aliyense wokhala m'tauni anali burgess. Ambiri, antchito, onyamula katundu ndi osauka, analibe ufulu uliwonse. Kulowa kunali kotchipa kwa mwana wa burgess kapena mkamwini wake, kotsika mtengo pang'ono kwa amene wamaliza kuphunzira ntchito kwa mmisiri wa m'tauni, koma kodula kwa mlendo. Pakati pa ma burgess panalinso magulu awiri. Amalonda anali ndi bungwe lawo, guild, lomwe linagwira malonda a kunja, ndipo lamulo lakale linkati wonyika nsalu, wopha nyama kapena wosoka nsapato sangalowemo pokhapokha atalumbira kuti sadzagwiranso ntchitoyo ndi manja ake. Amisiri anapanga mabungwe awoawo, ndipo mkangano wa mipando ya m'khonsolo ku Edinburgh unachita kukagamulidwa mu 1583. Choipitsitsa chinali lamulo la 1469 lakuti khonsolo yotuluka izisankha yolowa. Kwa zaka zoposa 350 mabanja ochepa ankangosinthana mipando, ndipo malo ambiri a common good anabwereketsedwa kapena kugulitsidwa pachibale pa mtengo wolira. N'chifukwa chake matauni ena lero ali ndi thumba lonenepa pamene ena anatsala ndi kansalu ka malo ndi unyolo waulemu wa provost, mkulu wa tauni, basi.

Kutha kwake kunabwera pang'onopang'ono. Lamulo la 1672 linalola matauni ena kutumiza kunja zokolola za m'dziko, matauni a mfumu n'kutsala ndi katundu wodula wolowa monga vinyo, phula la njuchi, silika, zokometsera zakudya ndi utoto wa nsalu. Mu 1690 mbali ina ya ufuluwo inabwezedwa, ndipo kuyambira 1693 matauni ena ankatha kugula gawo la ufuluwo posenza nawo msonkho. Campbeltown, ya 1700, inali yomaliza kukhazikitsidwa mgwirizano wa 1707, wophatikiza Scotland ndi England, usanachitike. Ndime 21 ya mgwirizanowo inalonjeza kusunga ufulu wa matauni a mfumu, ndipo matauni 66 anagawana mipando 15 ku Nyumba ya Malamulo ya ku London. Mu 1833 eni nyumba anayamba kusankha okha makhansala, mu 1846 ufulu wotsekereza ena malonda unathetsedwa, ndipo pa 16 May 1975 makhonsolo a matauniwa anathetsedwa potsatira lamulo la maboma aang'ono la 1973. Makomiti a m'madera ambiri akugwiritsabe ntchito dzinalo, ndipo chizindikiro cha tauni amachita kukapempha kwa Lord Lyon, mkulu woona za zizindikiro.

Tsono pa mkangano wa m'komiti mwanu. Mfundo yakuti "anapereka ndi mfumu" siyokwanira, ndipo siyofunikanso nthawi zonse. Common good si ya matauni a mfumu okha. Paisley nayo ili ndi thumba lake. Makhoti amaona motere: katundu amene tauni yakale inali naye amatengedwa kuti ndi common good, kupatula amene inagula pogwiritsa ntchito mphamvu za lamulo linalake, monga malo omangapo nyumba za khonsolo, kapena amene inasungira cholinga chapadera cha wopereka. Kenaka pali funso lachiwiri, ngati malowo ndi ogulitsika kapena ayi. Malo amene anthu akhala akugwiritsa ntchito kuyambira kalekale, amene anaperekedwa mwachindunji kuti akhale a anthu onse, kapena ofunika pa kayendetsedwe ka tauni, ndiwo amene kugulitsa kwake kumakayikitsa. Pakakhala chikayiko chotero, ndime 75 ya lamulo la 1973 imafuna kuti khonsolo ikapemphe chilolezo kwa sheriff kapena ku khoti lalikulu la Court of Session, ndipo khoti likhoza kukana kapena kulamula kuti papezeke malo ena olowa m'malo.

Choyamba kuchita n'kuona kaundula. Lamulo la Community Empowerment la 2015 limakakamiza khonsolo iliyonse kulemba ndi kuonetsa poyera mndandanda wa katundu wa common good, komanso kufunsa makomiti a m'madera isanagulitse kapena kusintha ntchito ya katunduyo. Kwa inu khonsolo yake ndi South Lanarkshire. Malowo akakhala pa mndandanda, lembani maganizo anu m'kalata nthawi yofunsa anthu isanathe. Zolankhula pa msonkhano zimauluka. Akapanda kupezekapo si ndiye kuti nkhani yatha, chifukwa mindandanda imeneyi inalembedwa kuchokera ku mapepala obalalika ndipo imatha kukonzedwa. Pamenepo mufunika umboni wa momwe tauni inapezera malowo: chikalata choyambirira, mabuku a zokambirana za khonsolo yakale, mabuku a msungichuma, ndi kaundula wa kusinthana kwa malo amene matauni a mfumu ankasunga paokha kuyambira 1681. Ambiri a makaundula amenewa ali ku National Records of Scotland ku Edinburgh, ena ali kosungira zakale kwa khonsolo.

Mapepala akale kwambiri ali m'Chilatini, ena m'chinenero cha Scots cholembedwa ndi dzanja lovuta kuwerenga, choncho pemphani wosunga zakale akuthandizeni musanamange mfundo pa liwu limodzi. Mukapeza mawu akuti hasp and staple musadabwe: pogulitsa nyumba m'tauni, bailie, woweruza wa m'tauni, ankaimirira pakhomo n'kugwiritsa wogula loko wa chitseko pamaso pa mboni, pamene malo a kumudzi ankaperekedwa ndi dothi ndi mwala. Samalaninso malire, chifukwa zikalata zakale zimatchula mitsinje, miyala ndi minda ya anthu amene anafa kalekale, ndipo zimafunika kuziyerekeza ndi mapu a Ordnance Survey a zaka za m'ma 1800. Khonsolo ikalengeza kuti ikupita kukhoti, kapena mukaona kuti malo amene muli ndi umboni wake akugulitsidwa popanda kufunsa anthu, musadikire msonkhano wa mwezi wamawa. Pezani loya wodziwa malamulo a malo a ku Scotland sabata yomweyo, chifukwa nthawi yokadandaula kukhoti pa chigamulo cha khonsolo nthawi zambiri ndi miyezi itatu yokha, ndipo mufunseni poyamba penipeni kuti ndani adzalipire zowonongedwa komiti ikaluza mlandu.